Columbus "anatulukira" America? Tiyeni tiimasule pang'onopang'ono nkhaniyi

Okutobala aliyense akafika pa 12, pa intaneti pamabuka kamkangano kamene ambirife timangokadutsa osamvetsa kuti anthuwa akulimbirana chani kwenikweni. Ku United States ena amati ino ndi nyengo yokumbukira Columbus, ena amati ayi tikumbukire eni nthaka, ku Spain ndi tsiku la dziko lonse asilikali kuguba mumsewu ku Madrid, pomwe ku Venezuela kuyambira 2002 tsiku lomwelo ndi lokumbukira mmene eni dziko anakanira kugonja. Ndiye mu 2019 pulezidenti wa Mexico wa nthawi imeneyo, Andrés Manuel López Obrador, analembera kalata mfumu ya Spain Felipe VI komanso Papa Francis kuti apepese pa zimene zinachitika zaka 500 zapitazo, boma la Spain linakana, ndipo mu 2024 mayi Claudia Sheinbaum polumbira upulezidenti mfumuyo sanaiitane nkomwe. Ukamawerenga umadabwa, zinthu zakalekale chonchi mpaka lero kumanana makadi a mwambo?

Ine kusukulu ndinangoloweza 1492 basi, n'kukhoza mayeso, osadziwa kuti kutsidyako kunali ndani. Ndiye ndati nditenge mawu amene amasokoneza pankhaniyi limodzilimodzi. Sindikugamula mlandu pano, a Spain ndi a Mexico adziwana okha.

Amwenye amene si Amwenye

Poyamba penipeni dzina. Mumafilimu a anyamata okwera mahatchi aja mumamva akuti "Indians", ndiye mwana wa kuno amaganiza za Amwenye a masitolo a ku Limbe. Palibe ubale. Columbus atafika kuzilumba za Caribbean ankakhulupirira kuti wafika kufupi ndi India ndi China, ndiye anthu amene anawapeza anawatchula choncho, kulakwitsako n'kukakamira mpaka lero.

Makolo a anthuwa anachokera ku Siberia, kumpoto chakum'mawa kwa Asia, nthawi imene madzi a m'nyanja anali otsika ndipo pakati pa Siberia ndi Alaska panali mtunda wouma. Zaka 15,000 zapitazo anali atafika kale, ku Monte Verde ku Chile kuli malo amene anthu ankakhalapo zaka pafupifupi 14,500 zapitazo, ndipo ku White Sands ku New Mexico kunapezeka mapazi a anthu odindika m'matope amene ofufuza ananena mu 2021 kuti ndi a zaka 21,000 mpaka 23,000. Pofika 1492 anali mitundu yosawerengeka, zilankhulo mazanamazana, ena osaka nyama, ena asodzi, ena alimi a m'midzi, ena okhala m'mizinda ikuluikulu. Kuwaika m'thumba limodzi kuli ngati munthu kunena kuti Mchewa, Mzulu ndi Msomali ndi mtundu umodzi poti onse ali mu Africa. Ngakhale maina otchukawo ndi opindika: amene timati Aztec iwo ankadzitchula kuti Mexica (ndi pomwe pachokera dzina la Mexico), ndipo mawu oti Inca kwenikweni ankanena mfumu ndi a banja lake osati anthu onse.

Chimanga

Mzinda sungamangidwe ndi anthu anjala, ndiye musanamve za mapiramidi mvetsani kaye za chimanga. Chimanga sichinamere chokha ngati bowa. Anthu a kum'mwera kwa Mexico, kuchigwa cha mtsinje wa Balsas, zaka pafupifupi 9,000 zapitazo anayamba kusankha mbewu za udzu wina wotchedwa teosinte, kangala kake kakang'ono ngati chala, timbewu tochepa tolimba ngati timiyala. Kusankha, kubzala, kusankha, kubzala, mibadwo ndi mibadwo mpaka kutuluka chisononkho chimene mukuchidziwachi. Mmene agogo amapatulira zimanga zonenepa n'kuzipachika pamwamba pa moto kuti zikhale mbewu, ntchito yake ndi yomweyo, kungoti iyi inatenga zaka masauzande. Ankabzala chimanga, nyemba ndi maungu m'munda umodzi, nyemba kuyanga pa phesi maungu kuphimba nthaka. Mukuuona munda wa kwanu eti?

Ndipo anali ndi kanzeru kena kamene sikanawoloke nyanja. Iwo chimanga amayamba achiwiritsa m'madzi a phulusa kapena laimu kenako n'kuchipera, zimenezi zimamasula vitamini wina amene thupi silingathe kumutenga m'chimanga chongogaya. Azungu anatenga mbewu n'kusiya njirayo, mapeto ake alimi osauka a ku Spain ndi Italy amene ankangodalira chimanga anayamba kudwala pellagra, matenda othetheka khungu, kutsegula m'mimba mpaka kusokonezeka mutu. Matenda omwewo anavuta kwambiri m'makampu a anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique kuno ku Malawi cha m'ma 1989 ndi 1990.

Maya, Mexica, Inca: si anthu amodzi

Apa ndi pomwe ambiri timasakaniza. Amaya ndi akale kwambiri, kwawo ndi kum'mwera kwa Mexico, Guatemala, Belize ndi mbali ya Honduras, ndipo sanakhalepo ufumu umodzi, inali mizinda yodziimira payokha ngati Tikal, Calakmul, Palenque ndi Copán, kukwatirana lero mawa kumenyana. Nyengo yawo yapamwamba inali cha m'ma 250 mpaka 900. Anali ndi zilembo zawozawo, ankagwiritsa ntchito ziro powerengera, ndipo kalendala yawo ndi ija inasokosera dziko mu 2012 kuti pa 21 Disembala dziko likutha, pamene kwa iwo kunali kungotha kwa nyengo imodzi n'kuyamba ina ngati mmene mita ya galimoto imabwerera pa ziro. Mizinda yambiri ya kum'mwera inasiyidwa cha m'ma 800 ndi 900, azungu asanabwere ndi zaka 600, koma anthuwo sanathe, Amaya alipo mamiliyoni lero, mayi Rigoberta Menchú amene analandira mphoto ya Nobel ya mtendere mu 1992 ndi mmodzi wa iwo. Mabuku awo ambiri anawonongedwa, wansembe Diego de Landa anawotcha mulu ku Maní mu 1562, ndipo amene anatsala ndi anayi okha.

Amexica ndi a posachedwa. Mzinda wawo Tenochtitlan anaumanga mu 1325 pachilumba pakati pa nyanja ya Texcoco, pamalo pomwe pali Mexico City lero, ndipo anayamba kukula mphamvu mu 1428 atapangana ndi mizinda iwiri, Texcoco ndi Tlacopan. Ganizani mzinda womangidwa pakati pa nyanja yosaya ngati Chilwa, misewu yokwezedwa yolumikiza kumtunda, ngalande m'malo mwa misewu ya mkati, mabwato mbwee, madzi akumwa obwera pa mpopi wa miyala kuchokera ku Chapultepec. Minda yawo, chinampa, inali ngati madimba omangidwa m'madzi momwemo: kukhoma zikhomo, kuunjika matope ndi zomera zowola mpaka kutumphuka pamwamba, m'mbali kubzala mitengo yogwira nthaka, ndiye chinyezi osatha kukolola kangapo pachaka. Kumsika wa Tlatelolco nthanga za koko zinkagwira ntchito ngati ndalama. Ambiri amayerekeza kuti mzindawu unali ndi anthu cha m'ma 200,000, kuposa mzinda uliwonse wa ku Spain panthawiyo. Mawu oti tomato amene timatchula pamsika tsiku ndi tsiku anachokera ku chilankhulo chawo cha Nahuatl, iwo amati tomatl.

Koma ufumuwu unkayenda ndi msonkho. Akagonjetsa mzinda ankasiya mfumu yake pampando bola izitumiza nsalu, chimanga, nthenga, koko ndi zina, ndipo ankapereka anthu nsembe kwa milungu yawo makamaka ogwidwa kunkhondo. Izi si nkhambakamwa za azungu, kuyambira 2015 ofukula pansi pa Mexico City apeza zigaza zoposa 600 zomangidwa pamodzi pafupi ndi kachisi wamkulu. Chimene chimakanganitsa ndi kuchuluka kwake, poti manambala ena aakulu analembedwa ndi anthu amene ankafuna chifukwa chomveka cholandira dzikolo. Sungani mfundo imeneyi ya msonkho, tibwereranso.

Ainca anali kutali kum'mwera, m'mapiri a Andes, likulu ku Cusco ku Peru. Ufumu wawo, Tawantinsuyu, unayamba kufutukuka pansi pa mfumu Pachacuti cha mu 1438 ndipo pasanathe zaka 100 unali utatambalala kuyambira kum'mwera kwa Colombia mpaka pakati pa Chile. Analibe ndalama, analibe mahatchi, analibe zilembo ngati zathuzi, koma anali ndi misewu ya makilomita oposa 30,000, milatho yolukidwa ndi udzu, anyamata othamanga opatsirana uthenga, nkhokwe za boma m'mbali mwa misewu. Mawerengero ankawasunga pa khipu, zingwe zomangidwa mfundo, mtundu wa mfundo ndi malo ake ndiye nambala. Msonkho wawo sunali katundu koma thukuta, dzina lake mit'a: mudzi uliwonse kutumiza anthu mosinthana kukalima minda ya boma, kumanga msewu kapena kupita kunkhondo, boma n'kumawadyetsa ndi kuwafululira mowa wa chimanga. Mawu amenewanso asungeni.

Kumpoto nakonso sikunali tchire lokhalokha, pafupi ndi St. Louis ya lero panali mzinda wa Cahokia umene cha m'ma 1100 unali ndi anthu oposa 10,000.

"Kutulukira"

Christopher Columbus anali wa ku Genoa ku Italy koma ulendo wake anaulipirira ndi mafumu a Spain, Isabella ndi Ferdinand. Zoti anthu nthawi imeneyo ankati dziko ndi lafulati ndiye iye anawatsutsa, ndi nthano chabe. Ophunzira ankadziwa kuti dziko ndi lozungulira, chimene ankatsutsana naye chinali kukula kwake, ndipo olondola anali iwowo: iye anachepetsa kwambiri mtunda wopita ku Asia kudzera kumadzulo, pakanapanda America pakatipo akanafera panyanja. Ananyamuka ku Palos pa 3 Ogasiti 1492 ndi zombo zitatu, anthu cha m'ma 90, n'kufika pa 12 Okutobala pachilumba china cha Bahamas chimene eni ake, a mtundu wa Taíno, ankachitchula Guanahani. Anayenda maulendo anayi, paulendo wachitatu mu 1500 anamubweza ku Spain ali mu unyolo chifukwa cha madandaulo a kalamuliridwe kake pachilumba cha Hispaniola (komwe lero kuli Haiti ndi Dominican Republic), ndipo anamwalira mu 1506. Dzina loti America linachokera kwa munthu wina, Amerigo Vespucci, pamene wojambula mapu wina wa ku Germany analiika pa mapu ake mu 1507. Komanso sanali mzungu woyamba, anthu a ku Scandinavia anali atamanga kamudzi ku L'Anse aux Meadows ku Canada zaka pafupifupi 500 m'mbuyomo, kungoti sanakhalitse.

Ndiye vuto la mawu oti kutulukira lili pati? Ife tikulidziwa, paja timauzidwa kuti Livingstone anatulukira nyanja ya Malawi mu 1859 pomwe anthu ankawedzamo usipa kalekale. Koma ku America mawuwa sanali a m'buku la sukulu chabe, anali mawu a lamulo. Mu 1452 ndi 1455 Papa Nicholas V analemba makalata opatsa mfumu ya Portugal chilolezo cholanda malo a anthu osakhala Akhristu ndi kuwagwira ukapolo, ndipo makalata amenewa ankanena za Africa, zinayambira kuno. Mu 1493 Papa Alexander VI anapatsa Spain maiko a kutsidya, ndipo mu 1494 pa pangano la Tordesillas Spain ndi Portugal anajambula mzere panyanja ya Atlantic: kumadzulo kwa Spain, kum'mawa kwa Portugal. Ngati zija za ku Berlin mu 1884 ndi 1885, kugawana munda eni ake kulibe. Mzere umenewo ndi chifukwa chake Brazil, komwe Pedro Álvares Cabral anafika mu 1500, amalankhula Chipwitikizi ngati anzathu a ku Tete pomwe oyandikana naye ambiri amalankhula Chisipanishi.

Panalinso chikalata cha 1513 chotchedwa Requerimiento chimene asilikali ankayenera kuwerengera eni dziko asanayambe nkhondo, chonena kuti Papa wapereka dziko lino kwa mfumu ya Spain, gonjerani, mukakana zotsatira zake ndi mlandu wanu. Nthawi zambiri chinkawerengedwa m'chilankhulo chimene omverawo sankachimva. Ganizo loti wotulukira ndiye mwini linalowa mpaka m'malamulo a United States pa chigamulo cha khothi lalikulu cha 1823, ndipo ndi ganizo limeneli limene Vatican inalikana poyera pa 30 Malichi 2023, ponena kuti si chiphunzitso cha mpingo. Ena anayamika, ena anati kukana sikokwanira makalatawo afafanizidwe.

"Kugonjetsa": anthu 500 angagwetse bwanji ufumu?

Funso limene aliyense amafunsa. Yankho lalifupi ndi loti sanali 500.

Hernán Cortés anachoka ku Cuba mu Febuluwale 1519 ndi asilikali cha m'ma 500 ndi mahatchi 16, bwanamkubwa wa Cuba atamuletsa kale, ndiye kunena zoona anali munthu wothawa bwana wake amene ankafunika kupambana kuti asamangidwe. Anthu ngati iyeyu sanali asilikali a boma olandira malipiro, inali ngati bizinesi yosonkherana, wina kubweretsa hatchi wina ngongole ya mfuti, phindu kugawana pamapeto. M'njira anapatsidwa akazi 20 ngati mphatso ndipo mmodzi mwa iwo, Malintzin, ankalankhula Nahuatl ndi Chimaya. Panalinso Msipanishi wina, Gerónimo de Aguilar, amene anakhala zaka pakati pa Amaya chombo chake chitasweka. Ndiye poyamba nkhani inkayenda chonchi, mfumu kulankhula Nahuatl, Malintzin kutembenuzira mu Chimaya, Aguilar kutembenuzira mu Chisipanishi. Amene munakhalapo pamsonkhano wa omasulira awiri mukudziwa zimene zimatayika panjira. Mpaka lero ku Mexico ena amamuona mayiyu ngati wogulitsa mtundu, ena amati anali kapolo amene anagulitsidwa ndi anthu akwawo, mtundu wake woti augulitse unali uti?

Tsopano msonkho uja. Anthu a ku Tlaxcala anali adani a Amexica kwa zaka zambiri, anayamba amenyana ndi Cortés kenako anaona kuti alendowa angawagwiritse ntchito. Ndi iwo analowa nawo mu Tenochtitlan pa 8 Novembala 1519, mfumu Moctezuma n'kuwalandira. Patapita nthawi Moctezuma anakhala wandende m'nyumba ya alendo ake omwe. Mu Meyi 1520, Cortés atachokapo, Pedro de Alvarado anapha anthu ambiri olemekezeka amene ankavina pamwambo wachipembedzo, mzinda wonse unawaukira, Moctezuma anafa kumapeto kwa Juni (Asipanishi amati anagendedwa ndi anthu ake, mbiri ya eni dziko imati anaphedwa ndi Asipanishi) ndipo usiku wa pa 30 Juni alendowo anathawa, mazana a iwo kufera m'ngalande ena atalemedwa ndi golide. Pamenepo anali atagonja ndithu. Anawapulumutsa ndi a Tlaxcala.

Chaka chotsatira anabwerera ndi maboti 13 amene matabwa ake ananyamulidwa pamapewa kudutsa mapiri, Asipanishi osafika 1,000 koma asilikali a eni dziko masauzande makumimakumi, ngakhale Texcoco mnzake wa Tenochtitlan anali atatembenuka. Anadula madzi, anatseka njira za chakudya, pafupifupi miyezi itatu, mpaka mfumu yomaliza Cuauhtémoc inagwidwa pa 13 Ogasiti 1521. Malupanga achitsulo ndi mahatchi zinathandiza, mfuti za nthawi imeneyo zinali zochedwa kuthira wonga, koma ukaiyang'ana bwino inalinso nkhondo ya eni dziko okhaokha imene aliyense ankaganiza kuti akugwiritsa ntchito mnzake. A Tlaxcala sankadziona ngati ogonjetsedwa, ankadziona ngati opambana, ndipo kwa nthawi yaitali anali ndi maufulu apadera.

Ku Peru zinafanana. Francisco Pizarro anafika ndi anthu 168 ufumu utangotuluka m'nkhondo yolimbirana mpando pakati pa ana awiri a mfumu Huayna Capac, Atahualpa ndi Huáscar. Pa 16 Novembala 1532 ku Cajamarca anamuitanira Atahualpa pabwalo, n'kumubisalira, kupha anthu ake ambirimbiri n'kumugwira. Iye analonjeza kudzaza chipinda ndi golide kamodzi, siliva kawiri, anaperekadi, koma anamuphabe mu Julaye 1533. Mitundu ngati Cañari ndi Huanca imene inkadana ndi ulamuliro wa Cusco inathandiza Asipanishi. Ndipo sizinathere pomwepo, Ainca anapitiriza kulimbana ali ku Vilcabamba mpaka 1572 pomwe mfumu Túpac Amaru inadulidwa mutu ku Cusco. Ufumu womaliza wa Amaya, Nojpetén, unagwa mu 1697, ndipo a Mapuche a ku Chile Spain sinawathe konse.

Mliri

Pakati pa kuthawa kwa Cortés ndi kubwerera kwake, mu 1520, nthomba inalowa mu Tenochtitlan. Mfumu imene inalowa m'malo mwa Moctezuma, Cuitláhuac, inalamulira masiku cha m'ma 80 basi n'kufa nayo. Anthu a ku America anali asanakumanepo ndi nthomba, chikuku kapena chimfine cha mtundu wa ku Ulaya, ndiye matenda amene kwina ankagwira makamaka ana, ku America ankagwetsa mudzi wonse tsiku limodzi. Taganizani nyumba imene mayi, bambo, agogo ndi ana onse ali gone, wotunga madzi palibe, wophika phala palibe, kumunda chimanga chikuuma osakolola. Ambiri ankafa ndi ludzu ndi njala pamwamba pa matendawo. Ku Mexico kunabweranso miliri ina yoopsa mu 1545 ndi 1576 imene eni ake ankaitchula cocoliztli.

Chimodzi mwa zifukwa zimene zimaperekedwa ndi ziweto. Ku Ulaya, Asia ndi Africa anthu anakhala zaka masauzande moyandikana ndi ng'ombe, nkhumba, mbuzi ndi nkhuku komanso kuyenderana pamalonda, matenda kumazungulira. Ku America ziweto zinali zochepa: llama ndi alpaca (nyama zonga ngamila zazing'ono), agalu, nkhukundembo, ndi mbira, inde mbira zomwe timaweta kukhitchinizi kwawo ndi ku Andes.

Encomienda, mita, ndi mawu amene ife tikuwadziwa

Nkhondo itatha funso linali loti agwire ntchito ndani. Encomienda inali dongosolo loti Msipanishi wapatsidwa midzi yakutiyakuti, osati nthaka koma anthu ake, azimupatsa msonkho ndi ntchito, iye mbali yake awateteze ndi kuwaphunzitsa Chikhristu. Papepala sanali akapolo. Pachilumba cha Hispaniola a Taíno ankakakamizidwa kusefa golide m'mitsinje minda yawo ili gwa, ndipo anali atachepa kale koopsa nthomba isanafike kumeneko mu 1518.

Ku Andes Asipanishi anatenga mit'a ija ya Ainca n'kuitembenuza. Mu 1545 kunapezeka phiri la siliva ku Potosí, ku Bolivia ya lero, ndipo m'ma 1570 bwanamkubwa Francisco de Toledo analamula kuti chaka chilichonse mwamuna mmodzi pa amuna 7 aliwonse a m'zigawo zosankhidwa azipita kumgodi. Dzina lomwelo, kusinthana komweko, koma kubwezerana kuja kunachoka. Apa Mmalawi safuna kufotokozeredwa zambiri: thangata poyamba kunali kuthandizana kumunda, atsamunda a m'maesiteti a ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu n'kulisandutsa lendi yolipira ndi thukuta, mpaka kukhala chimodzi mwa zodandaula za John Chilembwe mu 1915.

Ndipo si Asipanishi onse ankagwirizana nazo. Mu 1511 wansembe Antonio de Montesinos analalikira ku Santo Domingo kudzudzula eni ma encomienda maso ndi maso. Bartolomé de las Casas, amene naye anali ndi encomienda n'kuisiya, anathera moyo wake kulemba ndi kudandaula kwa mfumu, mu 1537 Papa Paul III analengeza kuti eni dziko ndi anthu enieni osayenera ukapolo, mu 1542 kunatuluka malamulo atsopano ochepetsa encomienda moti atsamunda a ku Peru anagalukira mfumu yawo, ndipo mu 1550 ndi 1551 ku Valladolid Las Casas anatsutsana ndi Juan Ginés de Sepúlveda pamaso pa oweruza ngati nkhondozi zinali zolungama. Chigamulo chomveka sichinatuluke. Zolemba za Las Casas kenako zinatengedwa ndi Angelezi ndi Adatchi, adani a Spain, kusonyeza kuti Asipanishi ndiye ankhanza kuposa onse, pomwe nawonso anali ndi zawo. Ndi chifukwa chake ku Spain ena ukawatchulira nkhaniyi amati zinakokomezedwa ndi adani, ndipo amaloza mayunivesite a ku Lima ndi Mexico amene anakhazikitsidwa mu 1551.

Las Casas yemweyo nthawi ina anapereka maganizo oti m'malo mwa eni dziko kubwere akapolo a ku Africa, ndipo pambuyo pake analemba kuti analakwa. Malondawo anakula mpaka anthu cha m'ma 12.5 miliyoni anakwezedwa zombo kuwoloka Atlantic pa zaka zoposa 300. Ambiri anali a kumadzulo kwa Africa, koma mbali yathu inakhudzidwanso: mu Disembala 1794 chombo cha São José chinanyamuka pa chilumba cha Mozambique ndi anthu cha m'ma 500 kupita ku Brazil, n'kusweka pafupi ndi Cape Town, oposa 200 anamira ndipo opulumuka anagulitsidwa komweko.

Zombo zomwezo za Apwitikizi, amene pofika m'ma 1530 anali atakhazikika ku Sena ndi Tete, ndi zimene zinathandiza kufalitsa mbewu za ku America mu Africa. Chimanga, chinangwa, mbatata, mbatatesi, mtedza, nyemba, tomato, tsabola, nanazi, papaya, gwafa, mapeyala, ngakhale fodya amene timagulitsa ku okushoni. Makolo athu nsima yawo inali ya mapira ndi mawere, chimanga chinalanda malo pang'onopang'ono. Yesani kuchotsa za ku America pa mbale ya nsima ya nyemba ndi nkhwani wotendera muone chotsala.

Zimene sanagwirizanebe

Choyamba ndi nambala. Mu 1492 ku America kunali anthu angati? Akatswiri ena akale ankati cha m'ma 8 miliyoni, ena anafika mpaka 100 miliyoni, ambiri lero amaima pakati cha m'ma 50 kapena 60 miliyoni, ndipo m'madera ambiri chiwerengero chinatsika ndi 80 kapena 90 pa 100 alionse m'zaka 100 mpaka 150. Kalembera kunalibe, amayerekeza kuchokera ku mabuku a msonkho, a ubatizo ndi zofukula pansi, ndiye nambala imene munthu wasankha nthawi zambiri imakuuzanso mbali imene ali.

Pamenepo pamatuluka mkangano waukulu, woti tizitchule kuti kupulula mtundu mwadala kapena ayi. Ena amati opha ambiri anali matenda amene palibe ankawamvetsa, ndipo mfumu ya Spain inkafuna anthu amoyo olipira msonkho osati mitembo. Ena amayankha kuti matenda sanagwire anthu okhuta okhala mwamtendere, anagwira anthu olandidwa minda, osamutsidwa, otopa ndi mgodi, n'chifukwa chake sanathe kuchulukananso ngati mmene Ulaya anachitira pambuyo pa miliri yake. Enanso amati funsoli liziyankhidwa dera ndi dera, Hispaniola payokha, Tlaxcala payokha.

Palinso funso la amene analemba mbiriyi. Zambiri timazimva kwa Cortés m'makalata ake opita kwa mfumu, munthu amene anali ndi mlandu woti adziyeretse. Zoti Moctezuma anapereka ufumu mwaufulu, kapena kuti ankayesa Cortés ndi mulungu Quetzalcoatl wobwerera, akatswiri ambiri lero amazikayikira, amati zinakonzedwa pambuyo. Nanga khipu? Manambala ake amawerengeka, koma ngati zingwe zina zinasunga maina ndi nkhani, palibe wazimasula, ndipo zatsala cha m'ma 1,000 m'mamyuziyamu. Mwina mbali ya Ainca ili mmenemo.

Kenako la kupepesa lija. Apepese ndani, kwa ndani? Mu 2019 boma la Spain linati zinthu za zaka 500 zapitazo sizingaweruzidwe ndi muyeso wa lero. Boma la Mexico limati kuvomereza kulakwa sikuchotsa ulemu, ndipo lokha linapepesa kwa Amaya mu 2021 pa nkhanza zimene zinachitika ngakhale dzikolo litalandira kale ufulu. Anthu ambiri a ku Mexico ndi Peru ali ndi magazi a mbali zonse ziwiri, zidzukulu za asilikali a Cortés zambiri zili ku Mexico osati ku Madrid. Ndipo a ku Tlaxcala, amene makolo awo anali ochuluka pa gulu lozinga Tenochtitlan kuposa Asipanishi, pa mwambo wopepesawo akakhale mbali ya opepesa kapena ya opepesedwa?